Kalata yotseguka kwa a Unduna wa Zamaphunziro ndi atsogoleri a zipembedzo: mwana asamakakamizidwe kusankha pakati pa Mulungu ndi bayoloje

Olemekezeka a Nduna ya Zamaphunziro, akuluakulu okonza silabasi ku Malawi Institute of Education ku Domasi, komanso inu maepiskopi, abusa, ansembe ndi mashehe amene mipingo ndi mizikiti yanu ili ndi sukulu m'dziko muno,

Ndakulemberani pamodzi chifukwa mwana amene ndikumudandaulira ndi mmodzi, ndipo nonsenu mumamulankhula. M'kati mwa sabata amamva za ife aphunzitsi. Lachisanu masana, Loweruka kapena Lamulungu amamva za inu azibusa athu. Pa nkhani zambiri mawu athu amagwirizana, koma tikafika pa chiphunzitso cha kusintha kwa zamoyo, chomwe m'kalasi timachitchula kuti evolution, mwanayo timamukokera uku ndi uku. Ine ndine mphunzitsi wa bayoloje pa sekondale ina yoyendera, ndinenso Mkhristu wodya mgonero, ndipo zimandipweteka kuona ana anzeru akuganiza kuti kumvetsa phunziro langa n'kukana Mlengi wawo.

Mtsikana wina wa Folomu 4, amene sankalephera mayeso anga, anatsalira tsiku lina anzake atatuluka. Kope analigwirizira pachifuwa, maso ali pansi, chala chakuphazi chikukanda simenti yong'ambika ya m'kalasi. Anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, ndikalemba zimenezi pa mayeso ndiye kuti ndachimwa?" Mlaliki wina anali atawauza pa msonkhano wa achinyamata kuti aliyense wovomereza phunziroli wagwadira Satana. Mwana ameneyu amafuna unamwino. Mayeso a MSCE anali pafupi, ndipo m'malo mowerenga ankalimbana ndi chikumbumtima. Ana ena sabwera n'komwe kudzafunsa. Amaloweza zolemba ngati mankhwala owawa, n'kukazilavula pa pepala la mayeso, kenako n'kuziiwala mwadala. Ndikudziwanso aphunzitsi anzanga, anthu abwino ndithu, amene mutuwu amaudumpha, kapena amaulembetsa pa bolodi n'kunena kuti "izi n'za mayeso chabe, musazitengere kumtima."

A Nduna, zimenezi si za mayeso chabe. Zatiphera ana m'dziko muno, ndipo umboni wake uli m'zipatala zathu zomwe.

Amene tinakula zaka za m'ma 1980 tikukumbukira chloroquine, kuwawa kwake ndi kuyabwa kumene ankabweretsa. Anali mankhwala odalirika a malungo. Kenako anayamba kusagwira: mwana wamwa mankhwala onse bwinobwino, koma thupi likutenthabe. Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba SP, amene ambiri tinkamudziwa kuti Fansidar. Nayenso anafooka, ndipo mu 2007 tinasamukira ku LA. Chinachitika n'chiyani? Mankhwala sanasinthe, timene tinasintha ndi tizilombo toyambitsa malungo. Mwa tizilombo mamiliyoni timene timakhala m'magazi a wodwala, si tonse tofanana. Tina timabadwa tosiyanako pang'ono, ndipo kusiyanako kumatithandiza kupirira mankhwala. Mankhwala akapha tinzake, totsalato ndi timene timaswana, udzudzu n'kutitenga kukapatsira munthu wina, ndipo pakapita zaka mtundu wopirirawo ndi umene umadzaza dziko. Ndi zomwezo zimene Charles Darwin anafotokoza mu 1859: zamoyo zimabadwa zosiyana, zina zimapulumuka kuposa zinzake, ndipo zopulumukazo zimapatsira ana awo chimene chinazipulumutsa.

Nkhaniyi ili ndi mbali ina imene akatswiri a dziko lonse anaiphunzirira kwa ife. Titasiya chloroquine, tizilombo topirira tija tinayamba kuchepa, chifukwa kupirirako kuli ndi mtengo wake, ndipo popanda mankhwala tinkagonja kwa tinzake wamba. Kafukufuku amene anachitika ku Blantyre n'kusindikizidwa mu 2006 anapeza kuti chloroquine anachiritsa ana 99 mwa 100 aliwonse amene anapatsidwa. Sindikunena kuti anthu abwerere ku chloroquine, ayi, zimenezo n'za a Unduna wa Zaumoyo. Ndikunena kuti kusintha kwa zamoyo kunaoneka ndi maso, kupita ndi kubwerera, pa nthawi ya moyo wa munthu mmodzi, mu mzinda wathu womwe. Ndi chifukwa chomwechi achipatala amaumirira kuti wodwala TB amalize mankhwala, kuti womwa ma ARV asamadumphitse, ndiponso kuti maneti atsopano azibwera ndi mankhwala owonjezera popeza udzudzu wa madera ngati Chikwawa unasiya kufa msanga ndi mankhwala akale. Namwino amene anaphunzitsidwa kuti phunziroli ndi bodza la Satana adzamufotokozera bwanji wodwala chifukwa chomalizira mapiritsi pamene wayamba kale kupeza bwino?

Chimandidabwitsa n'chakuti mutuwu timauphunzitsa ngati nkhani yachilendo, ya mbalame za ku zilumba za Galapagos ndi agulugufe a ku England, pamene alendo amakwera ndege kudzauphunzira kwathu kuno.

Ku Karonga, pamalo otchedwa Uraha, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza mu 1991 nsagwada yapansi, mano ake ali pomwepo, ya mtundu wakale wa anthu wotchedwa Homo rudolfensis. Anaipatsa nambala UR 501, ndipo ili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, kutanthauza kuti ili m'gulu la mafupa akale kwambiri a banja lathu la anthu, lotchedwa Homo, amene anapezekapo pa dziko. Ana amandifunsa, ndipo amafunsa bwino, kuti zakazo anaziwerenga ndani. Yankho lilipo. M'dothi lomwelo munapezeka mano a nkhumba zam'tchire zakale, ndipo mano a mtundu womwewo amapezekanso ku Ethiopia ndi ku Kenya pakati pa phulusa la mapiri ophulika, phulusa limene zaka zake zimayezeka m'labotale. Mwana akamva zimenezi amaona kuti sayansi si kulosera, ndi kufufuza kumene wina angathe kukubwereza n'kukutsutsa ngati kwalakwika. Ku Malema, m'boma lomwelo, kunapezekanso fupa la Paranthropus boisei, wachibale wina wa mano akuluakulu amene mtundu wake unatha. Anzathu a ku Zambia nawo ali ndi chigaza chimene chinafukulidwa mu mgodi wa ku Kabwe mu 1921, ndipo mpaka lero chikusungidwa ku London.

Karonga yemweyo ndi kwawo kwa Malawisaurus, chinyama chachikulu cha khosi lalitali chimene chinkayenda kumeneko zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mafupa ake oyamba anatoledwa m'zaka za m'ma 1920, ndipo dzina loti Malawisaurus linaperekedwa mu 1993. Mayi wa Chimalawi, Dr Elizabeth Gomani, anagwira nawo ntchito yofukula ndi kufotokoza mafupawa, ndipo mu 2005 anatchula mtundu wina kuti Karongasaurus. Ndi atsikana angati a m'sukulu zathu amene anamvapo dzina lake? Nyumba yosungiramo zinthu zimenezi, Cultural and Museum Centre Karonga, inatsegulidwa mu 2004, koma ana ambiri a ku Nsanje, ku Mchinji kapena ku Phalombe amamaliza Folomu 4 osadziwa kuti iliko.

Nanga nyanja? Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko, ndipo mitundu yoposa 700 ndi ya banja limodzi, banja la mbuna, utaka, ncheni ndi chisawasawa. Pafupifupi yonseyi sipezeka kwina kulikonse. Amene anasambirapo pa miyala ya ku Thumbi kapena ku Likoma anaziona mbuna, zina zabuluu, zina zachikasu, zina zamizeremizere, zikupala ndere pa mwala. Mbuna sizikonda kuchoka pa miyala yake kudutsa mchenga kapena madzi akuya, ndiye gulu la pa chilumba china limakhala lokha kwa mibadwo yambirimbiri, likuswana lokhalokha, mpaka maonekedwe ndi mano ake zimasiyana ndi za abale ake a kutsidya. Motero mtundu umodzi umagawikana n'kukhala iwiri. Pamene bungwe la UNESCO linkaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 1984, chifukwa chachikulu chinali chomwechi, kufunika kwa nsombazi pa phunziro la kusintha kwa zamoyo. Mwana wa msodzi wa ku Chembe amagwira umboniwu ndi manja tsiku ndi tsiku, koma buku lake limamutumiza ku Galapagos.

Tsopano nditembenukire kwa inu, azibusa athu, ndipo ndiyambe ndi chimene chimakupwetekani, poti nanenso chimandipweteka. Munthu wakuda akamva mawu oti "tinachokera kwa anyani" sakumva sayansi, akumva chitonzo. Ndipo ali ndi chifukwa. Atsamunda ena anapotoza phunziroli n'kumanena kuti mzungu ali pamwamba, ife tili pafupi ndi nyama. Mu 1906 mnyamata wa ku Congo, Ota Benga, anaikidwa m'nyumba ya anyani kumalo oonetserako nyama ku Bronx, mu mzinda wa New York, kuti anthu azimuonera, ndipo amene anadzuka kukana nkhanzazi anali abusa akuda a kumeneko. Bala limenelo ndi lenileni. Koma sayansi yeniyeniyo ndi imene inagwetsa bodza la atsamundalo. Choyamba, siinena kuti munthu anabadwa kwa nyani wa m'phirimu. Imanena kuti ife ndi anyani akuluakulu ngati chimpanzi tinali ndi kholo limodzi zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, ndipo aliyense anatenga njira yake. Chachiwiri, kuyeza kwa DNA kwaonetsa kuti anthu onse a lero, a ku China, a ku Norway, a ku Ntcheu, ndi mtundu umodzi, ndipo mizu yawo ili mu Africa. Palibe fuko lotsogola kapena lotsalira. Mlaliki wowerenga Machitidwe 17, pomwe Paulo akunena kuti Mulungu anapanga mitundu yonse ya anthu kuchokera kwa mmodzi, sayenera kuchita mantha ndi uthenga woti anthu onse ndi abale.

Sikuti okhulupirira onse anakana phunziroli, ndipo umboni wina uli mu mbiri ya mpingo wa m'dziko lino. David Livingstone anafika pa nyanja yathu mu Seputembala 1859, ndipo buku la Darwin linatuluka mu Novembala chaka chomwecho. Awiriwa anaikidwa m'manda m'tchalitchi chimodzi, Westminster Abbey. Mu 1883 kunabwera kuno Henry Drummond, mlaliki wa Free Church of Scotland, mpingo womwewo umene unayambitsa mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875. Munthuyu ankalalikira pa misonkhano ya chitsitsimutso limodzi ndi D. L. Moody, mlaliki wotchuka wa ku America, ndipo ankaphunzitsanso sayansi ya zachilengedwe pa koleji ya mpingo wake ku Glasgow. Anavomereza kusintha kwa zamoyo ngati njira imene Mulungu amagwirira ntchito, ndipo anadzudzula Akhristu amene amafunafuna Mulungu m'mipata yokhayo imene sayansi sinafotokoze, ngati kuti pamene tamvetsa chinthu ndiye kuti Mulungu wachokapo. Chenjezo limenelo ndi lofunika kwa ife lero. Tikamuuza mwana kuti chikhulupiriro chake chaima pa kusadziwa, tsiku limene adzadziwe chidzagwa.

A Katolika ali ndi mawu a apapa awo. Papa Pius XII mu 1950 analola kuti nkhani ya chiyambi cha thupi la munthu ifufuzidwe, bola tisaiwale kuti mzimu umalengedwa ndi Mulungu mwini. Papa John Paul II, yemwe uja anatiyendera mu 1989, ananena mu 1996 kuti umboni watsopano wachititsa kuti chiphunzitsochi chisaonedwenso ngati ganizo longoyerekeza. Malamulo a chibadwa amene timaphunzitsa mu Folomu 4 anawatulukira ndi Gregor Mendel, wansembe wa chipani cha Augustine, akulima nsawawa m'munda wa nyumba ya amonke ku Brno. Ndipo Augustine mwiniwakeyo, mwana wa kumpoto kwa Africa, anachenjeza zaka zoposa 1,500 zapitazo kuti Mkhristu akamalankhula zosadziwa pa za dziko ndi nyenyezi, n'kumati ndi zimene Malemba akunena, amachititsa kuti akunja aseke Malembawo. Francis Collins, amene anatsogolera ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu, ndi Mkhristu wosabisa chikhulupiriro chake. Darwin yekha, n'zoona, anamaliza moyo wake ali wokayika za Mulungu. Koma mankhwala sitimawayeza ndi mapemphero a amene anawatulukira.

Ine chimene chimandikhazika mtima pansi ndi Salmo 139, pomwe wamasalmo akuti Mulungu anamuumba m'mimba mwa amayi ake. Ndimakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse. Komanso chaka chilichonse ndimajambula pa bolodi momwe dzira la mayi ndi mbewu ya bambo zimakumanirana, momwe selo imodzi imagawikira kukhala ziwiri, zinayi, mpaka mwana. Palibe mbusa anabwerapo kudzandiletsa, chifukwa tonse timamvetsa kuti kufotokoza njira sikuchotsa Mwini ntchito. Timapempherera mvula, n'kumveranso a zanyengo pa wailesi. Agogo athu ankasankha zitsononkho zonenepa za chimanga n'kuzipachika pamwamba pa moto kuti zikhale mbewu, ndipo chaka ndi chaka mbewuyo inkasintha m'manja mwawo, koma pokolola ankathokozabe Chauta. Ngati Mulungu amaumba mwana mmodzi kudzera m'njira yotenga miyezi 9, n'chifukwa chiyani tikumuletsa kuumba zamoyo kudzera m'njira yotenga zaka mamiliyoni? Genesis akunena kuti tinaumbidwa ndi fumbi lapansi. Sindikuona kuti kukhala pachibale ndi zolengedwa zinzathu n'konyozeka kuposa fumbi. Makolo athu a Chichewa, posimba za Kaphirintiwa ku Dzalanyama, ankati anthu oyamba anatsika pamodzi ndi nyama n'kusiya mapazi awo pa thanthwe limodzi, ndipo sankaona manyazi pa ubale umenewo.

Sindikunamizani kuti palibe povuta. Palipo. Adamu ndi ndani m'nkhani imeneyi? Ngati zamoyo zinkafa munthu asanakhaleko, mawu a Paulo oti imfa inadza ndi uchimo tiwamva bwanji? Abale athu a Seventh-day Adventist amagwira masiku 6 enieni chifukwa Sabata lawo laima pomwepo, ndipo mipingo yambiri ya chipentekoste ndi ya chievangeliko ili ndi maganizo ofanana nawo. Asilamu ambiri ophunzira amavomereza kusintha kwa nyama ndi zomera koma amati Adam analengedwa mwapadera. Awa ndi mafunso a anthu oona mtima, ndipo sindikupempha mpingo uliwonse kusintha chivomerezo chake chifukwa cha kalata ya mphunzitsi wa kumudzi. Chimene ndikupempha n'chochepa koma chachikulu kwa mwana. Musamuuze kuti kuphunzira, kumvetsa ndi kulemba bwino phunziroli ndi tchimo. Musamuuze zinthu zimene sayansi siinena, monga zoti nyani anabereka munthu, kuti muzitsutse mosavuta. Ngati mukutsutsa, tsutsani chenichenicho mutachiwerenga. M'masukulu ophunzitsa abusa ndi ansembe, ku Zomba, ku Nkhoma, ku Kachebere ndi kwina, muziitana akatswiri a bayoloje a ku University of Malawi kapena ku Mzuzu University kuti akhale pansi ndi ophunzira anu. Ambiri mwa akatswiriwo ndi akhristu anu omwe, amakhala pa benchi Lamulungu n'kumangokhala chete nkhaniyi ikatchulidwa. Alangizi a SCOM, a YCS ndi a magulu a ophunzira a Chisilamu nawonso athandizidwe, poti mafunso a ana amafikira kwa iwo poyamba.

Aphunzitsi anzanga nawo ndili nawo mawu, ndipo a Unduna muwamve. Alipo ena, ochepa, amene amagwiritsa ntchito phunziroli kuseka ana opemphera, n'kumati sayansi yatsimikiza kuti Mulungu kulibe. Limenelonso ndi bodza. Sayansi imayeza zoyezeka. Maikulosikopu singaone Mulungu ndipo singamuchotse. Mphunzitsi wonena kuti bayoloje yathetsa Mulungu walumpha malire mofanana ndi mlaliki wonena kuti Genesis wathetsa bayoloje, ndipo mwana wochokera kwa makolo opemphera amangotseka makutu.

Kwa inu a Unduna ndi a ku Domasi, pempho langa ndi loti mutuwu musauchepetse kapena kuubisa poopa phokoso. M'malo mwake uvekeni zakwathu. M'buku la mwana mulowe chloroquine wa ku Blantyre, mbuna za ku Thumbi, nsagwada ya ku Uraha ndi chithunzi cha Dr Gomani ali pa ntchito. Zifanizo za pulasitala za nsagwada imeneyi zikhoza kupangidwa n'kugawidwa, ngakhale chimodzi pa sukulu zingapo zoyandikana, kuti mwana aigwire, awerenge mano ake, ayerekeze ndi ake. Gwirizanani ndi a nthambi yoona za zinthu zakale kuti chionetsero cha ku Karonga chiziyenda m'maboma, poti ndi makolo ochepa amene angalipire basi yochoka ku Mulanje kukafika kumeneko. A MANEB afunse mafunso ofuna kuganiza, monga chifukwa chimene mankhwala amasiyira kugwira, osati kungotchula mayina a akatswiri ngati Darwin ndi Lamarck. Mu buku la mphunzitsi mukhale tsamba lomuthandiza kuyankha mwaulemu mwana wofunsa za Genesis kapena za Qur'an, ndipo tsambalo mulilembe pamodzi ndi a mipingo ndi a mizikiti, kuti mwana asamve zosiyana akachoka m'kalasi ya bayoloje kulowa ya Bible Knowledge. Ku Domasi College of Education ndi ku Nalikule, komwe aphunzitsi a sekondale amaphunzirira ntchito, nkhaniyi ikambidwe poyera asanatumizidwe ku sukulu, chifukwa ambiri amadumpha mutuwu osati mwa ulesi koma poopa makolo, komiti ya sukulu ndi mbusa wa pa mishoni.

Ndikupempha kuti msonkhano woyamba wa okonza silabasi, aphunzitsi a bayoloje ndi nthumwi za mipingo ndi mizikiti uchitike mabuku atsopano asanapite kosindikiza, ndipo ngati n'kotheka uchitikire ku Karonga, mafupawo ali pa tebulo.

Ine wanu pa ntchito yophunzitsa ana athu,

Mphunzitsi wa bayoloje,
sekondale yoyendera, chigawo chapakati